Musanakongole ndalama za kamera, dzifunseni kumene mukajambulire



Ena mwa inu mwayamba kupeza kangachepe pojambula zithunzi pa maukwati ndi maubatizo, ndipo mumandifunsa ngati n'kwanzeru kukongola ndalama kuti mugule kamera ya full frame. Yankho langa n'lakuti musafulumire.

Sensa ndi kachipangizo kamene kamalandira kuwala m'kati mwa kamera. Ili ngati denga lamalata m'nyengo ya dzinja: likakula, madzi ogwera mu diramu amachulukanso. Ya full frame ndi mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, muyeso wa filimu umene kamera za Leica zinatchukitsa kuyambira mu 1925. Ya APS-C ya Nikon, Sony ndi Fujifilm ndi pafupifupi 23.5 ndi 15.6, pamene ya Micro Four Thirds, imene Olympus ndi Panasonic anabweretsa mu 2008, ndi 17.3 ndi 13. Motero full frame imakolola kuwala koposa pang'ono kawiri poyerekeza ndi APS-C, ndipo zithunzi zake za mumdima zimatuluka zoyera bwino. Zimenezi sindikutsutsa.

Komatu kuwala kusanafike pa sensa kumadzera mu lenzi. Lenzi yogulira limodzi ndi kamera imatsekuka mpaka f/5.6 yokha mukaikokera patali, pamene lenzi wamba ya 35mm f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi. M'tchalitchi mopanda kuwala kokwanira, momwenso flashi imasokoneza opemphera, lenzi yotereyi pa kamera ya APS-C idzakuthandizani kuposa full frame yokhala ndi lenzi yofooka, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri.

Sensa yaing'ono ilinso ndi ubwino wake. Lenzi ya 200mm pa APS-C imaonetsa ngati ya 300mm, chinthu chokomera wojambula mpira kapena wosafuna kuyandikira guwa. Kamera yake ndi yopepuka m'manja mwa munthu woima tsiku lonse.

Ngati ntchito yanu ili ya usiku nthawi zonse, ndipo ikukulipirani kale, gulani full frame ndi mtima umodzi. Koma ngongole yongotengera kuti anthu akuoneni ndi chikomekome cha mkuyu. Mkwatibwi sadzafunsa kukula kwa sensa yanu. Adzangofuna kuona nkhope ya mayi ake ikuoneka bwino pa tsiku limene silidzabweranso.

Ndikufunirani sabata yabwino.