Ufulu wodzilamulira umayambira pa kusamala nzika

Boma la mu Africa likadzudzulidwa chifukwa chozunza nzika zake, yankho limakhala lomwelo: ndife dziko loima palokha, akunja asatilowerere. Yankholi linabadwa m'zowawa za utsamunda, ndipo si lofunika kulipeputsa. Koma katswiri wa ku South Sudan, Dr Francis Mading Deng, wakhala akuphunzitsa kwa zaka zoposa 30 kuti ufulu wodzilamulira ndi udindo: boma liteteze anthu ake, ndipo likalephera lisatsekereze ofuna kuthandiza. Mfundo imeneyi ndi yoona, ngakhale kuti ena aigwiritsa ntchito mwachinyengo.

A Deng sanaitole m'mabuku mokha mfundoyi. Anabadwa mu 1938 ku Abyei, dera lomwe Sudan ndi South Sudan akukanganiranabe, ndipo bambo awo, Deng Majok, anali mfumu yaikulu ya anthu a Ngok Dinka. Anaphunzira za malamulo ku Khartoum ndi ku Yale, kenako anagwira ntchito ya ukazembe ndi unduna m'boma la Sudan. Mu 1992, mlembi wamkulu wa United Nations, a Boutros Boutros-Ghali, anawasankha kuti aziimira anthu othawa kwawo koma osatuluka m'dziko lawo. Apa ndi pamene anaona mpata woopsa m'malamulo. Munthu wowoloka malire ali ndi pangano la 1951 lomuteteza komanso bungwe la UNHCR. Wothawira m'tchire la m'dziko mwake amatsala m'manja mwa boma lomwe mwina ndi lomwelo lamuwotchera mudzi. Amalawi anaziona izi ndi maso. Anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni amene anathawira ku Nsanje, Ntcheu, Dedza ndi madera ena nthawi ya nkhondo ya Renamo analembedwa m'kaundula, nkumalandira ufa ndi nyemba pamzere. Abale awo otsala kutsidya analibe pangano lililonse lowateteza mwapadera.

Buku la Sovereignty as Responsibility, lomwe a Deng analemba ndi anzawo mu 1996, linayala maziko, ndipo mu 1998 anapereka ku United Nations mfundo 30 zotsogolera kasamalidwe ka anthu othawa kwawo koma osatuluka m'dziko lawo. Mfundozi zimaika udindo woyamba pa boma la dzikolo, ndipo zimati boma lolephera kapena losafuna kuthandiza lisakane chithandizo popanda chifukwa chomveka. Zipatso zake zinaonekera ku Africa konkuno. Mu 2009 maiko a African Union anagwirizana pangano la ku Kampala, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2012, ndipo ndi loyamba kumanga maiko a chigawo chonse cha dziko lapansi pa nkhaniyi.

Otsutsa amati maganizo otere amatsegulira khomo maiko amphamvu. Amaloza ku Libya, kumene mu 2011 chilolezo choteteza anthu wamba chinasanduka nkhondo ya NATO yogwetsa Muammar Gaddafi, dziko nkugawanika mpaka lero. Dandauloli ndi lomveka. Komabe chimene a Deng ankalimbikira chinali kukambirana ndi maboma, kuwakumbutsa ntchito yawo ndi kuwathandiza kuikwaniritsa, ndipo m'mfundo 30 zija mulibe chilolezo choponya mabomba. Tikumbukirenso kumene lamulo lakale la kusalowererana linatifikitsa. Bungwe la OAU, lomwe linalipo African Union isanakhazikitsidwe, linalola Idi Amin kukhala wapampando wake mu 1975, nthawi yomwe asilikali ake ankapha anthu miyandamiyanda ku Uganda. Mu 1994 anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa ku Rwanda m'masiku 100, maiko akungoyang'ana. Bambo akamamenya ana ake mpaka kuwathyola manja, oyandikana naye sangakhale chete ati poti ndi za m'banja. Nchifukwa chake atsogoleri a Africa eniake, polemba malamulo a African Union mu 2000, anaikamo ndime yolola bungweli kulowerera pakachitika kupululutsa mtundu wa anthu kapena milandu yoopsa ya pankhondo.

Chitsutso chachiwiri chikukhudza a Deng enieniwo. Atamaliza ntchito yolangiza United Nations za kupewa kupululutsa mitundu, anakhala kazembe woyamba wa South Sudan ku bungweli mu 2012. Mu Disembala 2013 dzikolo linagwa m'nkhondo yapachiweniweni, anthu mamiliyoni anathawa m'makomo mwawo, ndipo a Deng anatsutsa zopereka zilango kwa atsogoleri a dzikolo, ponena kuti sizingabweretse mtendere. Ena anaona ngati mphunzitsi wadya mawu ake. Mwina nzoona kuti ukazembe unawamanga manja, koma zimenezi sizigwetsa mfundo yawo. Muyeso umene iwo anaupanga ndi womwewo umene dziko lapansi linayezera boma la South Sudan nkulipeza loperewera.

Nkhaniyi si ya maiko a nkhondo okha. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, anthu oposa 500,000 anasowa pokhala m'chigawo chakumwera kwa Malawi, ndipo mabanja a ku Chilobwe anagona pansi m'makalasi matope atakokolola nyumba zawo kuchokera m'phiri la Soche. Anthu otere ndi amene mfundo za 1998 zimawanena, ndipo woyamba kuyankha pa za malo awo atsopano, chakudya ndi sukulu za ana awo ndi boma lawo. Aphungu, atolankhani ndi mafumu azifunsa mafunso amenewa mopanda mantha. Mtsogoleri aliyense wonena kuti akunja asatilowerere ayambe waonetsa zimene wachitira anthu ake, pakuti ufulu umene akuutchulawo eni ake ndi nzika.