Backup yogona chipinda chimodzi ndi seva ndiyopanda ntchito

Anzanga aphunzitsi amene munapatsidwa makiyi a chipinda cha makompyuta chifukwa choti mumaphunzitsa masamu, lero tikambirane za seva. Masukulu ena tsopano ali ndi kompyuta imodzi yosunga malikisi a ana, za fizi ndi mapepala a mayeso akale. Itapsa usiku uno, mawa mungatsegule chiyani?

Ambiri muyankha kuti muli ndi disiki ina yomwe mumakoperapo zonse. Ili kuti? M'kabati, chipinda chomwecho. Mbava zikathyola chitseko zimanyamula zonse ziwiri, ndipo amene anaona namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 akudziwa kuti madzi sasankha kabati. Musaganize kuti ndi vuto la ife osauka tokha. Mu Marichi 2021 moto unawononga nyumba ya maseva ya kampani ya OVH ku Strasbourg, ndipo makasitomala ena anapeza kuti backup yawo inali pamalo omwewo, inapsera limodzi.

Choncho kope lina liyenera kukhala kutali. Vuto ndi bandulo. Simungatumize zonse za mu seva usiku uliwonse. Chofunika ndi pulogalamu yotumiza zokhazo zimene zasintha kuchokera dzulo.

Dzina loyamba limene mudzauzidwe ndi rsync, yomwe Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anatulutsa mu 1996. Ndimailemekeza, imagwira ntchito yake bwino. Koma payokha ili ngati kalilole: chimene chili kuno n'chimene chidzakhale uko. Fayilo ya malikisi ikawonongeka Lolemba inu osadziwa, usiku womwewo yowonongekayo imakalowa m'malo mwa yabwino. Pofika Lachisanu mulibe kothawira. Pulogalamu ya rsnapshot imathetsa zimenezi posunga makope a masiku angapo, koma mafayilo amakafika osabisika, aliyense wogwira disiki ya kutaliko atha kuwerenga mayina a ana ndi ngongole za makolo awo. Ine zimenezo ayi.

Duplicity imabisa mafayilo ndi GnuPG, koma imamanga unyolo: kope lathunthu, kenaka tizidutswa ta zosintha motsatana. Kachidutswa kamodzi kakawonongeka, zonse zotsatira pamenepo zili pamavuto. Mankhwala ake n'kutumizanso kope lathunthu nthawi ndi nthawi, ndiye tabwereranso ku nkhani ya bandulo ija.

Ine ndimasankha BorgBackup, yomwe inaphuka kuchokera ku pulogalamu ya Attic mu 2015. Borg imadula mafayilo m'tizidutswa ndipo kachidutswa kalikonse imakasunga kamodzi kokha. Aphunzitsi 30 akakopera silabasi yomweyo aliyense mufoda yake (mukudziwa mmene timachitira), kutaliko kupita imodzi. Mukasintha dzina la foda yaikulu, siitumizanso za mkatimo. Zonse imazipanikiza ndi kuzibisa zisanachoke pasukulu. China chimene chimandikomera kwathu kuno: magetsi kapena netiweki ikathawa ntchito ili mkati, siyambira pachiyambi, chifukwa mphindi 30 zilizonse imaika chizindikiro cha pamene yafika.

Chovuta chake n'chakuti imafuna kompyuta ina kutaliko yokhalanso ndi Borg, yolumikizana nayo pa SSH. Ofuna kusunga pa Amazon S3 kapena Backblaze B2 atenge restic, yomwe imagwira ntchito mofanana ndipo ndi yabwino ndithu. Koma ndi masukulu angati ali ndi khadi yolipirira madola mwezi ndi mwezi?

Maganizo anga ndi oti masukulu awiri a m'maboma osiyana agwirizane, aliyense asunge disiki ya mnzake. Poti zonse n'zobisika, palibe angawerenge za wina. Kope loyamba, lomwe ndi lalikulu, musalitumize pa intaneti. Lipangeni pa disiki konkuno, wina akwere nayo minibasi akaisiye, kuyambira pamenepo pazingoyenda zosintha zokha usiku. Ndipo kumbali yolandira muyatse append-only, njira yoti seva yanu izitha kuwonjezera koma osafufuta zakale pa disikiyo. Wolowerera seva yanu, kaya ndi pulogalamu yotseka mafayilo n'kumafuna dipo, asathe kuwononganso za kutali.

Pali nkhani ya kiyi ndi mawu achinsinsi. Zikatayika, backup yonse yasanduka mwala, ngakhale amene analemba Borg sangaitsegule. Ife aphunzitsi timasamutsidwa, nthawi zina pakati pa teremu. Mawuwo alembedwe papepala, kiyi isindikizidwe, zilowe mu envelopu yomata mu ofesi ya ahedi, ina kwa wapampando wa komiti.

Chomaliza chimene ambiri sitichita n'kuyesa kubweza mafayilo. Pa 31 Januwale 2017 katswiri wina wa kampani ya GitLab anafufuta database molakwitsa, ndipo atathamangira ku backup anapeza kuti njira zingapo zimene ankadalira sizinkagwira ntchito. Anataya zolembedwa za maola pafupifupi 6. Amenewo ndi anthu olipidwa chifukwa cha ntchito yomweyi. Ife tiziti teremu iliyonse, tisanatseke sukulu, titenge kompyuta ina yopanda kanthu, titsitse malikisi a Fomu 4 kuchokera kutaliko, ndipo mphunzitsi wa kalasiyo awatsegule ndi kuwerenga yekha.