Mabuku a Anthu Ouluka: Apetedwe, Asatenthedwe

Ana a ku Chileka amakula akuona ndege. Zimatera ndi kunyamuka pa bwalo dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe amene amathawa. Koma mwana yemweyo akabwera kunyumba ndi kabuku ka zithunzi koonetsa munthu wa nsalu yofiira kumsana akuuluka popanda ndege, pakhomo pamabuka mlandu. Agogo amati, "Munthu wouluka ndi mfiti. Chotsani chimenecho m'nyumba muno." Bambo amalanda kabukuko, ndipo kawirikawiri kamathera pamoto.

Mabuku otere amapezeka kwa ogulitsa mabuku akale mu Blantyre ndi mu Limbe. Ena ana amawawerenga pa foni, ndipo ngwazi zomwezo amazionanso m'nyumba zoonetsera mafilimu pa Lirangwe ndi pa Lunzu. Makolo amene amatentha mabukuwa amafunira ana awo zabwino, komabe akulakwa. Kholo limene laphunzira kuwerenga likulakwa koposa, pakuti lili nacho chida chabwino kuposa moto. Mayi akapeza gaga mu mphale sataya mtondo wonse. Amatenga lichero napeta. Buku nalonso liyenera kupetedwa, ndiye kuti kuwerengedwa ndi kuweruzidwa.

Moto unayesedwa kale

Munthu wa nsalu yofiira uja dzina lake ndi Superman. Si mzimu ayi. Anampeka anyamata awiri a mu mzinda wa Cleveland ku America, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, ndipo nkhani yake inasindikizidwa koyamba m'chaka cha 1938. Anyamatawo anaigulitsa pa mtengo wa madola 130 okha. Tsono Superman ndi nthano yogulitsa, yopekedwa ndi anthu ofuna chakudya monga wina aliyense.

Makolo a ku America nawonso anachita mantha. M'chaka cha 1948 mabuku a zithunzi anatenthedwa poyera m'matauni ena. M'chaka cha 1954 dokotala wina, Fredric Wertham, anatulutsa buku lonena kuti mabukuwa ndiwo amasandutsa ana kukhala mbava ndi zigawenga. Anthu ambiri anamkhulupirira. Koma m'chaka cha 2012 mphunzitsi Carol Tilley, atafufuza makalata amene Wertham anasiya, anaonetsa kuti dokotalayo anasintha mawu ena a ana amene anawafunsa kuti agwirizane ndi maganizo ake.

Kuno ku Malawi lamulo lopima mabuku ndi mafilimu linakhazikitsidwa m'chaka cha 1968, ndipo mabuku ambiri analetsedwa. Anthu sanachenjere nako kuletsako. Anangophunzira kubisa. Mwana nayenso ndi chimodzimodzi: akaona buku lake likupsa, mawa adzawerengera lina kuseri kwa nkhokwe, kumene kulibe wamkulu womuuza chabwino ndi choipa.

Komatu si onse abwino

Kunena kuti mabukuwa asatenthedwe sikutanthauza kuti onse ndi abwino. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pali mafunso atatu amene wowerenga ayenera kufunsa buku lililonse la mtundu umenewu.

Funso loyamba ndi ili: analemba ndani, nanga ndalama zosindikizira anapereka ndani? M'chaka cha 1975 ku South Africa kunatuluka mabuku a ngwazi yakuda yotchedwa Mighty Man. Ngwaziyo inali wapolisi amene analandira mphamvu zodabwitsa, ndipo inkagwira akuba ndi zigawenga m'malo okhala anthu akuda. Koma sinanenepo kanthu za chitupa chimene munthu wakuda ankakakamizidwa kuyenda nacho, kapena za malamulo a tsankho. Pambuyo pake zinadziwika kuti ndalama zake zinkachokera mobisa ku boma la tsankho lomwelo, limene linkafuna kuti anthu akuda aphunzire kumvera. Mabukuwo anatha posakhalitsa ana a sukulu a ku Soweto ataukira boma m'chaka cha 1976. Kholo longoona zithunzi likanakondwa kuona ngwazi yakuda. Kholo lowerenga likanaona chimene ngwaziyo inkachilambalala.

Funso lachiwiri: mphamvu ya ngwaziyo yachokera kuti? Apa ndi pamene mantha a agogo ayenera kuyankhidwa bwino. Superman amauluka chifukwa anabadwira ku dziko lina lopeka lotchedwa Krypton. Black Panther, amene anaonekera koyamba m'chaka cha 1966, ndi mfumu ya dziko lopeka la mu Africa lotchedwa Wakanda. Ndi chinthu chokoma kuti mwana aone mfumu yakuda yophunzira, ya dziko limene silinalamulidwepo ndi atsamunda. Koma chuma cha Wakanda chinachokera ku chitsulo chimene chinagwa kuchokera kumwamba. Mwana auzidwe poyera kuti mphamvu zotere sizipezeka kwa sing'anga, sizipezeka m'sitolo, ndipo palibe chuma chimene chidzagwe kumwamba pa Lirangwe.

Alipo mabuku ena amene amapeka za makina ndi za maulendo a m'tsogolo. Amenewa ndi osiyana, pakuti mphamvu yake imachokera ku maphunziro. Wojambula wa ku Belgium, Hergé, anatulutsa m'chaka cha 1954 buku loonetsa mnyamata Tintin ndi anzake akuyenda pa mwezi, atavala zovala zowapatsa mpweya. Anthu anafikadi pa mwezi m'chaka cha 1969. Buku lotere limabala mafunso abwino: kodi pa mwezi palibe mpweya chifukwa chiyani? Kodi ndege yolemera chotere imanyamuka bwanji pa Chileka? Komabe Hergé yemweyo, m'buku lake lakale la Tintin ku Congo, anajambula anthu akuda ngati ana opusa. Wolemba mmodzi, buku lina ufa, lina gaga. Ndicho chifukwa chake buku lililonse liweruzidwe palokha.

Funso lachitatu ndilo lalikulu: anthu wamba akuchita chiyani m'nkhaniyo? M'mabuku ambiri a ngwazi, anthu a mu mzinda amangolira, kuthawa ndi kuloza kumwamba kudikira wowapulumutsa. Phunziro limeneli ndi loopsa kuposa chithunzi cha munthu wouluka. Anthu a ku Chileka akudziwa bwino za kudikira mpulumutsi wochokera mumlengalenga. Pa 6 July 1958 khamu lalikulu linasonkhana pa bwalo la ndege kulandira Dr. Hastings Kamuzu Banda. Iye anatsogolera dziko ku ufulu wa 1964 natchedwa Ngwazi, koma m'chaka cha 1971 anakhala mtsogoleri wa muyaya, ndipo womutsutsa ankatsekeredwa popanda mlandu. Zinthu zinasintha m'chaka cha 1993, pamene anthu wamba anaima pa mizere naponya voti yofuna zipani zambiri. Mutu umodzi susenza denga. Buku limene likuphunzitsa mwana kuti denga lidzasenzedwa ndi munthu mmodzi wamphamvu liyenera kutsutsidwa, mwanayo akumva.

Zithunzi ndi khomo la kuwerenga

Ena amati buku la zithunzi ndi la aulesi. Amenewa aganizire za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Iye anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Chingerezi chake chinali chochepa, koma anabwereka mabuku a sayansi ku laibulale yaing'ono, natsata zithunzi zake mpaka anamanga makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Mabuku ake sanali a ngwazi, koma njira yake ndi yomweyo: chithunzi chimagwira dzanja la wowerenga kumufikitsa pa mawu.

Munthu wamkulu amene wangoyamba sukulu ya kwacha asachite nawo manyazi mabuku amenewa. Mawu ake ndi ochepa, ndipo chithunzi chimathandiza kumasulira. Ambiri ali m'Chingerezi, choncho mwana wa sukulu angathe kuwerenga mokweza ndi kumasulira, kholo n'kumaweruza. Mwana adziwa Chingerezi, kholo lidziwa dziko. Pakati pa awiriwa palibe buku limene lingabise nyerere zake.

Dandaulo lenileni ndi lakuti mabuku otere a m'Chichewa ndi osowa kwambiri. Amalawi amatha kupeka za m'tsogolo: Shadreck Chikoti analemba buku la Chingerezi lotchedwa Azotus the Kingdom, losimba za Africa wa zaka 500 zikudzazo. Ndipo nthano za makolo zili naye Kalulu, amene amagonjetsa Njovu ndi nzeru, wopanda nsalu yofiira. Ojambula a m'tsogolo a nkhani zotere ndi ana omwewa amene lero akukopera Superman kumapeto kwa makope awo. Kuwatenthera mabuku ndi kutentha mbewu.

Tsono mwana akadzabweranso ndi kabuku kake, kholo lisathamangire ku moto. Liyale mkeka pakhonde, linene kuti, "Bwera kuno mwana wanga, undiwerengere." Akatha, limufunse mafunso atatu aja. Buku likapezeka la gaga, mwanayo adzalitaya yekha, ndipo adzadziwa chifukwa chake.