Za Asodzi: Injini ya Bwato Ikakana Kuzungulira

Asodzi a ku Luangwa, kumene mtsinjewo ukumana ndi Zambezi, adziwa bwino bvuto la injini ya bwato imene cingwe cake cakana kukokeka. Ambiri afulumira kunena kuti yafa, cikhalireco kawirikawiri mlandu uli pa ukonde kapena udzu umene wakulunga pulopela. Mwini bwato ayambe wacotsa giya ndi kuyang'ana kumeneko.

Ngati cingwe cikanabe, amasule mapulagi ndi kukokanso. Madzi akatuluka m'mabowomo, ndiye kuti injini inamwa madzi. Aiumitse ndi kuiliza tsiku lomwelo, dzimbiri lisanalowe. Koma ikangoti gwa, pisitoni yagwira, makamaka cifukwa ca kucepa kwa oilo m'petulo. Pamenepo nyundo ingoonjezera ngongole. Aitengere kwa makaniki.