Minda ya zomera itsegule zipata kwa alimi

M'chaka cha 2024, mvula itadula chifukwa cha El Niño, boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi. Chimanga chidauma chisanabereke. Koma m'malire mwa minda yomweyo khonje, nkhadze ndi alovera zidali zobiriwirabe.

Zomera zimenezi zimasunga madzi m'masamba kapena m'tsinde, ndipo khungu lake ndi lokhuthala ngati lapakidwa phula. Khonje ndi alovera zimatsegula timabowo take topumira usiku kukazizira, pamene chimanga chimatsegula masana dzuwa likuswa mtengo, n'kutaya madzi ambiri.

Alimi anzathu, dziko lino lili ndi malo osungirako ndi kufufuzirako zomera zotere. Bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1987, lili ndi minda ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Munda wa ku Zomba udayamba mu 1891, ndipo atsamunda ankayeseramo mbewu zobwera. Ngati nthawi imeneyo udatumikira ulimi, lero utumikire mlimi wamng'ono.

Sitikunena kuti zomerazi zilowe m'malo mwa nsima. Pa chakudya tidalire mapira, mawere, chinangwa, khobwe ndi nandolo, zimene zimapirira ng'amba. Koma mpanda wa khonje kapena nkhadze umatchinjiriza dimba ku mbuzi, sufuna kuthirira, ndiponso umapulumutsa mitengo imene tikadadula pomanga mpanda chaka ndi chaka. Khonje wobzala m'mbali mwa chigwembe amagwira nthaka, komanso amatipatsa chingwe. Chenjezo ndi lakuti utomoni wa nkhadze umawononga maso, choncho podula tisamale ndipo ana akhale kutali.

Ife tikupempha boma zinthu zitatu. Choyamba, lipatse mindayi ndalama zokhazikitsira nazale kuti makalabu azipeza mbande pamtengo wotsika. Chachiwiri, akatswiri a m'mindayi azigwira ntchito limodzi ndi alangizi a zaulimi, ndipo zimene apeza zilembedwe m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Chachitatu, pakhale masiku a chionetsero oti alimi azikaphunzira mwaulere.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Tileke kutentha tchire, chifukwa moto umapsereza alovera wachilengedwe womera m'mapiri ndi m'matanthwe. Atsogoleri a makalabu aike nkhaniyi pamndandanda wa msonkhano ukubwerawu, ndipo kalabu iliyonse isankhe dimba limodzi loti litchingidwe ndi mpanda wamoyo mvula yoyamba ikangogwa.