Georgia isataye chisankho chachibwereza

Mu November 2026 anthu a m'chigawo cha Georgia ku America akusankhanso seneta pampando umene pali a Jon Ossoff. Za amene akuyenera kupambana tiwasiyira eni ake. Ife nkhani yathu ili pa lamulo limene chigawochi chimayendera: wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, ndipo akapanda kupezeka wotero, awiri otsogola amakumananso pachisankho chachibwereza. Kumeneko kuli ena amene akufuna lamuloli lichoke. Ife tikuti likhale.

Mpando wa useneta si wamasewera. Nyumba ya Senate ili ndi anthu 100 okha, awiri kuchokera m'chigawo chilichonse, ndipo aliyense amakhalamo zaka zisanu ndi chimodzi. Ndi nyumba imeneyi imene imavomereza kapena kukana oweruza a khothi lalikulu, nduna za boma ndi akazembe, ngakhalenso kazembe wobwera ku Lilongwe. Munthu wonyamula udindo wotere asamalowe m'nyumbamo anthu ambiri a kwawo atamukana.

Zimene zinachitika mu 2020 zikutichitira umboni. Mu November chaka chimenecho a David Perdue a chipani cha Republican anapeza mavoti 49.7 pa 100 alionse, a Ossoff a Democratic napeza 47.9. Kukanakhala m'zigawo zina zambiri, a Perdue akanalumbira basi. Ku Georgia anabwerera kwa anthu, ndipo pa 5 January 2021 anagonja. Tsiku lomwelo a Raphael Warnock anagonjetsa mayi Kelly Loeffler pampando winawo. Zipani ziwirizi zinalingana mphamvu, 50 kwa 50, voti yodula nkhani nikhala m'manja mwa wachiwiri kwa pulezidenti, mayi Kamala Harris. Chigawo chimodzi chinatembenuza nyumba yonse.

Wina asaganize kuti lamuloli limakondera chipani chimodzi. Mu 1992 amene analira anali a Democratic: a Wyche Fowler anatsogola m'gawo loyamba, koma pachibwereza anagwa kwa a Paul Coverdell. Chipanicho, poti ndicho chinkalamula nyumba ya malamulo ya Georgia, chinatsitsa mlingo kufika pa 45, ndipo mu 1996 a Max Cleland analowa mu Senate osafika theka. A Republican atatenga mphamvu anabwezera mlingo wakale mu 2005, ndipo ndi womwewo unadzawapweteka mu 2021. Lamulo loluma uku ndi uku chonchi ndiye lamulo labwino. Choipa ndi khalidwe la andale lomalisintha nthawi iliyonse likawaluma.

Sitibisa kuti chiyambi chake n'chonyansa. Lamuloli linakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1960, ndipo amene analilimbikira kwambiri anali phungu wa ku Macon, a Denmark Groover, munthu wokakamira tsankho. Cholinga chinali choti anthu akuda akagwirizana pa munthu mmodzi, azungu apeze mpata wachiwiri wosonkhana n'kumugwetsa. Koma msampha umenewu sunagwire amene unatcheredwa. A Warnock, m'busa wa mpingo wa Ebenezer Baptist ku Atlanta kumene ankalalikira a Martin Luther King Jr., anakhala seneta woyamba wakuda wa Georgia kudzera pachibwereza. Mu 2022 anapambananso motero: atalephera kufika theka mu November, pa 6 December anagonjetsa a Herschel Walker ndi mavoti 51.4 pa 100 alionse. Onse awiri opikisanawo anali anthu akuda.

Dandaulo lomveka ndi la kutopa. Chisankho chachiwiri chimadya ndalama, ogwira ntchito zachisankho sapuma, ndipo ovota amachepa: mu 2022 anatsika kuchoka pa pafupifupi 3.9 miliyoni kufika pa 3.5 miliyoni. Mkulu woyendetsa zisankho ku Georgia, a Brad Raffensperger, anapempha aphungu kuti athetse chibwereza chisankhocho chitangotha. Tikuwamvetsa, koma vutolo analikulitsa ndi aphungu omwewo. Mu 2021 anafupikitsa nthawi yapakati pa zisankho ziwirizi kuchoka pa masabata asanu ndi anayi kufika pa anayi, masiku ovotera msanga nachepa, mizere nitalika. Zinafika poti a Warnock ndi chipani chawo anachita kupita kukhothi kuti anthu aloledwe kuvota Loweruka lotsatira tchuthi cha Thanksgiving, ndipo khothi linawavomera. Ufinye nthawi wekha, kenako uzidandaula kuti anthu sanabwere ambiri?

Kuno kwathu nkhani ya 50+1 timaidziwa bwino. Pa 3 February 2020 khothi loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti pulezidenti azisankhidwa ndi mavoti oposa theka, titaona munthu akulumbira ndi mavoti osafika 39 pa 100 alionse mu 2019. N'chifukwa chake sitingaombere m'manja amene akufuna kubwerera kumene ife tinachokako.

Aphungu a ku Georgia awonjezere masiku ovotera pachibwereza, atsegule malo oponyera voti okwanira, ndipo apereke ndalama zoyendetsera ntchitoyi. Mlingo wa mavoti oposa theka ausiye momwe ulili.