Si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo

Kwathu kuno kum'mawa mwana akatentha thupi, mau oyamba kutuluka m'kamwa mwa kholo ndi akuti malungo. Kawirikawiri kholo limakhala litalondola. Tinakulira m'malungo, taika ana m'manda cifukwa ca malungo, ndipo kucokera pamene Coartem anafika m'zipatala zathu kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, taona ndi maso mwana amene anali gone dzana akuthamangitsa mbuzi lero. Koma cizolowezi cimeneci cili ndi msampha wake, ndipo msamphawo ndi umene tifuna tikambirane.

Mu August 2021, patangopita milungu yocepa kucokera pamene funde lacitatu la korona linatilanda akuluakulu ambiri mu June ndi July, mtsikana wa zaka 9 wa m'mudzi woyandikana ndi wathu anatentha thupi. Ku kiliniki anamubaya cala, kacipangizo kanaonetsa mizere iwiri, napatsidwa Coartem. Anamwa masiku atatu onse, koma thupi linali likali moto. Tsiku lacinai anayamba kusanza ndi kulira m'mimba. Maso anafiira ngati a munthu wokhala mu utsi, koma opanda manthongo. Agogo ake anati mwana atemedwe mphini. Atate ake anakana, anagulitsa matumba awiri a cimanga napeza galimoto. Ku cipatala cacikulu poyamba anaganiza za apendikisi, mpaka dotolo wina atafunsa funso limene palibe anali atafunsa: kodi pakhomo panu panadwala munthu cimfine mwezi wathawu? Amai ake anakumbuka kuti atabwera ku maliro a amalume nyumba yonse inakhosomola, ndipo mtsikanayo anangomina masiku awiri n'kucira. Za opaleshoni zinalekeka. Anamuika pa mankhwala ena, ndipo patapita masiku awiri moto uja unatsika.

Nthenda imene inamugwira madotolo amaicha MIS-C. Dzina la Cinyanja ilibe, pakuti ndi yatsopano. Inadziwika kumapeto kwa April 2020 ku London, pamene madotolo a ana anaona ana 8 m'masiku 10 okha atabwera ndi kutentha thupi, kupweteka m'mimba ndi mtima wofooka. Mmodzi, mnyamata wa zaka 14, anamwalira. Ku Bergamo m'dziko la Italy anaona ana 10 m'miyezi iwiri ali ndi zizindikiro zofanana ndi nthenda ya Kawasaki, pamene zaka 5 zam'mbuyo zonse pamodzi anaonako 19 cabe. Pa 15 May 2020 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linalemba zizindikiro zake. Tisaganize kuti ndi za azungu okha. Ku Cape Town zipatala za Red Cross ndi Tygerberg zinalandira ana 23 m'miyezi ya June ndi July caka comweco.

Cimacitika n'ciani m'thupi la mwana? Kacilombo ka korona kamalowa, asilikali a m'thupi amamenyana nako n'kukagonjetsa, nthawi zambiri mwanayo osagona n'komwe. Ndiye pakapita milungu 2 mpaka 6, mdani atapita kale, asilikali aja amadzuka n'kuyamba kumenya a pakhomo pao. Mlimi aliyense adziwa moto wa lupsa umene unayatsidwa kuti utenthe mapesi a m'munda, koma mphepo itatembenuka unakalowa ku nkhokwe. Mitsempha ya magazi imatupa, matumbo amatupa, mnofu wa mtima umafooka, nthawi zina impso ndi ubongo zimakhudzidwanso. Ndico cifukwa cake mwanayo akayezedwa m'mphuno kawirikawiri korona sapezeka. Ndico cifukwa cakenso nthendayi siyambukira. Mwana wodwala motere sangapatsire mnzake, ndipo palibe cifukwa cosala banja lake kapena kufunafuna mfiti.

Wina afunsa: nanga bwanji kukumba nkhani imeneyi lero, pamene WHO inalengeza pa 5 May 2023 kuti korona salinso ngozi ya dziko lonse? Funso ndi loyenera. Zoona, nthendayi yacepa kwambiri. Ku America, kumene anawerenga ana oposa 9,000 kuyambira 2020, m'caka ca 2023 anawerenga 117 okha. Ana ambiri tsopano anakumanapo kale ndi kacilomboka kapena analandira katemera, ndipo mitundu ya korona imene inabwera ndi Omicron kumapeto kwa 2021 siyambitsa bvutoli kwambiri monga ya poyamba. Koma kucepa si kutha. Kacilombo kakali kuyenda pakati pathu ngati cimfine wamba, ndipo masiku ano palibe amapita kukayezetsa cimfine. Mu 2021 dotolo anali ndi korona m'maganizo tsiku lililonse. Lero mnyamata amene wangomaliza sukulu ya zacipatala mwina sanaonepo mwana wotere ngakhale mmodzi. Nthenda yosowa imene anthu aiwala ndi imene imacedwa kuzindikirika.

Tionjeze kuti kwathu kuwerenga sikunayende bwino ngakhale nthawi ya mliri. Ofufuza anayeza mitembo 364 ku mocale ya UTH ku Lusaka pakati pa June ndi September 2020. Mwa iwo 70 anapezeka ndi korona, ena anali ana, ndipo ambiri sanayezedwepo ali moyo. Ngati kacilombo kanadutsa kosaoneka mu Lusaka, kuli bwanji ku Vubwi kapena ku Chama?

Msampha uja tinanena uli pa kacipangizo koyezera malungo. Ndi kabwino, kapulumutsa ambiri, koma kamayankha funso limodzi lokha. Kangaonetse mizere iwiri kwa milungu ingapo mwana atacira kale malungo, ndipo m'madera mwathu ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi osadwala. Tsono mizere iwiri siitanthauza kuti malungo ndiwo okha akubvuta mwana. Ife tiona kuti apa ndi pamene makolo ndi anamwino omwe amagwa: ayeza, apeza, apereka mankhwala, maganizo atsekeka. Mwana akabwerera tsiku lacinai akali kutentha, amapatsidwa Panado n'kuuzidwa kuti mankhwala akali kugwira nchito.

Cofunika kugwira ndi ici. Mwana amene watentha thupi masiku 3 kapena kuposa, makamaka ngati wamwa mankhwala a malungo osasintha, tiyang'ane zina. Maso ofiira opanda mafinya. Milomo yofiira yong'aluka, lilime lofiira. Manja ndi mapazi otupa. Kupweteka m'mimba kwambiri, kusanza, kutsegula m'mimba. Zidzolo pakhungu, ngakhale kuti pakhungu lathu lakuda sizioneka msanga monga pa zithunzi za m'mabuku. Mutulutseni mwanayo panja padzuwa, muone m'zikhatho ndi kumapazi. Cikuku naco cimafiiritsa maso, koma cimabwera ndi cifuwa ndi mamina, ndipo zidzolo zake zimayambira kumaso n'kutsikira kumunsi. Nthenda ya Kawasaki, imene dotolo wa ku Japan Tomisaku Kawasaki anaifotokoza mu 1967, imakonda ana osafika zaka 5, pamene iyi imagwira kwambiri a msinkhu wa ku pulaimale. Kusiyanitsa zimenezi si nchito ya kholo. Nchito ya kholo ndi kuona kuti uku si kutentha kwa masiku onse.

Ndiye pali zizindikiro zimene sizilola kudikira kuti kuce. Thupi likutentha koma manja ndi mapazi azizira. Mwana wafooka, akungogona, sakuzindikira amai ake, kapena akupuma mofulumira. Sanakodze tsiku lonse. Tsinani cikhadabo cake mpaka ciyere, ndiye lekani: ngati kufiira sikubwerera musanawerenge kufika pa 3, magazi sakuyenda bwino. Mwana wotere akafika pa cipatala saima pa mzere. Malamulo a cipatala eni ake amati aonedwe poyamba. Ife anthu a kumudzi tili ndi ulemu umene nthawi zina umatiphetsa: tikhala pa benci mwakacetecete, mwana ali kumbuyo m'citenje, kuopa kuoneka amwano. Pitani pa khomo, gogodani, nenani kuti manja a mwana azizira. Si mwano umenewo.

Mukalowa, nenani zonse, ngakhale zimene simunafunsidwe: tsiku limene kutentha kunayamba, mankhwala onse amene wamwa, a pa kantemba ndi a cikuda omwe, ndiponso ngati m'nyumba munadutsa cimfine kapena cifuwa mwezi umodzi kapena iwiri yapitayo. Mau otsirizawa ndi amene anapulumutsa mtsikana uja ku mpeni.

Za cithandizo ca m'cipatala tinenepo pang'ono, kuti acibale asadabwe kapena kukwiya. Poyamba dotolo adzapereka jakisoni wopha tizilombo ta m'magazi, pakuti matenda a m'magazi ndi nthendayi zimafanana kwambiri tsiku loyamba ndipo sangayembekeze. Adzatenga magazi kuona kukula kwa kutupa, adzamvetsera mtima, ndipo kumene kuli makina adzaujambula. Dripi adzaitsegula pang'onopang'ono. Apa ambiri timadandaula, cifukwa tinaona nthawi ya kolera ya 2024 mmene madzi othamanga amadzutsira munthu. Koma wa kolera wataya madzi, mtima wake uli bwino. Uyu mtima ndiwo wafooka, ndipo madzi ambiri amakadzaza m'mapapo. Kafukufuku wa 2011 pa ana oposa 3,000 otentha thupi ku Uganda, Kenya ndi Tanzania anaonetsa kuti amene anathiridwa madzi ambiri mofulumira anamwalira koposa anzao. Conde wodikirira wodwala asagwire kagudumu ka dripi namwino akatuluka. Taziona zimenezi zikucitika usiku m'mawodi.

Mankhwala ozimitsa moto weniweniwo ali mitundu iwiri. Woyamba ndi IVIG, wopangidwa kucokera ku magazi a anthu zikwizikwi. Mwana amalandira magalamu 2 pa kilo iliyonse ya thupi lake, ndiye wolemera makilo 25 afunika magalamu 50. Ndi wodula kwambiri, amasungidwa m'firiji, ndipo si mankhwala amene tingayembekeze kuwapeza pa cipatala ca kumudzi. Waciwiri ndi mankhwala a gulu la steroid, monga methylprednisolone wa m'mtsempha ndi mapilitsi a prednisolone, amene ndi ochipa ndipo zipatala zimawadziwa kuyambira kale. Nkhani yabwino kwa ife osauka ndi yakuti kafukufuku wa ana a m'maiko ambiri amene anatuluka mu 2021 sanapeze kusiyana kwenikweni pa kacilidwe pakati pa olandira IVIG ndi olandira steroid yekha. Mu November caka comweco WHO inalangiza kuti ana ogonekedwa ndi nthendayi azipatsidwa steroid. Kumene ana alandira cithandizo msanga, omwalira safika 2 pa 100 alionse.

Ici citanthauza kuti cotilepheretsa cacikulu si ndalama ya mankhwala ai, koma kuzindikira ndi mtunda. Mwana wa ku Katete ali pafupi ndi St Francis, wa m'tauni ali ndi Chipata Central, wa ku Petauke ali ndi Minga ndi cipatala ca boma. Koma wa kumapeto kwa boma, m'nyengo ya dzinja mitsinje itadzaza, ali ndi ngolo ya ng'ombe ndi kiliniki ya namwino mmodzi. Kwa ameneyu tsiku limodzi lotayika pa mlingo waciwiri wa Coartem ndi lalikulu. Maofesi a zaumoyo a m'maboma angacite cinthu cosadula: kukumbutsa anamwino ndi othandiza a m'midzi, pa misonkhano imene amakhala nayo kale, kuti mwana wobwerera ndi kutentha thupi atamaliza mankhwala a malungo aonedwe mwatsopano kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ngati maso afiira kapena m'mimba mwalimba alembedwe kalata yopita patsogolo tsiku lomwelo. Nawo makomiti a zaumoyo a m'midzi akambirane za thumba la mafuta a galimoto nthawi yokolola, ndalama zikali m'manja, osati usiku wa tsoka.

Ticenjezepo, cifukwa tidziwa anthu athu. Wina atawerenga dzina la prednisolone athamangira ku kantemba. Musacite zimenezo. Mankhwala amenewa amagonetsa asilikali a m'thupi, ndipo mwana amene kwenikweni ali ndi TB, taifodi kapena matenda a m'magazi angaipireipire nao. Asipirini nayenso madotolo amapereka pa mlingo waung'ono kuteteza mitsempha ya mtima, koma kholo lisapatse mwana wotentha thupi asipirini palokha, pakuti angaononge ciwindi ndi ubongo. Panjira yopita ku cipatala, Panado wa mlingo wa msinkhu wake ndi madzi a moyo, ngati akutha kumeza, ndi zokwanira.

Mwana akatuluka nkhani siinathe. Mapilitsi a steroid amacepetsedwa pang'onopang'ono kwa milungu iwiri kapena itatu, saleka mwadzidzidzi ngakhale mwana aoneke wacira. Tsiku lobwerera kukaonetsa mtima lisaphonyedwe, cifukwa mwa ana ena mitsempha yodyetsa mtima imafutukuka mwakacetecete. Ndipo amene mtima wake unakhudzidwa amaletsedwa nchito yolemetsa kwa miyezi 3 mpaka 6. Dotolo wa m'tauni adzanena za mpira ndi kuthamanga. Ife timve kuti akunenanso za khasu, za cigubu ca malita 20 pamutu, ndi za njinga yonyamula thumba kupita ku cigayo. Mtsikana uja caka cimeneco sanapalire nao munda, ndipo anzake anamuseka kuti wasanduka bwana. Tsopano ali ku sekondale.